Mizere ya Zikhomo Zofiira

Ndisananene chilichonse, ndithokoze. Munthu amene wavuulidwa mumtsinje sayamba ndi kufotokoza kuzizira kwa madzi, amayamba wagwira dzanja limene lamukoka. Ndithokoza Mulungu Atate, amene sananditaye pa nthawi imene ine mwini ndinali nditadzitaya. Ndithokoza Ambuye Yesu, amene amaidziwa njira ya ku Furancungo ngakhale mwezi wa matope. Ndithokozanso akulu a mpingo uno wa ku Tsangano pondilola kuima pamaso panu, achinyamata, makamaka inu amene munamaliza maphunziro apamwamba koma madipuloma anu akugona pansi pa zovala m'chikwama, ndipo munthu akakufunsani kuti "Nanga ntchito?" mumayamba kuyang'ana nsapato zanu.

Dzina langa ndine Gervásio, kwathu ndi ku Ntengo-Wambalame. Ndinabadwa makolo anga atangobwerera kuchokera ku Malawi kumene anathawira nkhondo. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, choncho anandilera ndi amayi pamodzi ndi mlongo wawo, malume a Lázaro, awa akhala kutsogolo kunowa chipewa chili pabondo. Malume, musawerame. Nkhaniyi munandilola kuti ndiinene.

Ndinaphunzira za ulimi, digiri yoyamba ija timati lisensiyatura, kenako yachiwiri, mesitirado. Tsiku lina ndinaona pa intaneti kuti univesidade ina ya kumwera kwa dziko lathu ili ndi vaga, malo a munthu mmodzi wochita dotoramento pa matenda a mbatatesi. Ndinalembera ndipo ananditenga. Kwa amene simudziwa, dotoramento si sukulu yokhala pabenchi n'kumakopera zimene mphunzitsi walemba. Ndi ntchito. Amakupatsa funso limene palibe munthu akudziwa yankho lake, amakupatsa bolsa, ndalama yoti izikudyetsa kwa zaka zowerengeka, iwe n'kupita kukafufuza. Zakazo zikatha, zatha, kaya yankho walipeza kaya ayi.

Funso langa linali la chiwawu. Nonse mukuchidziwa. Mvumbi ukangogwa ndi nkhungu ija ya m'mapiri muno, masamba a mbatatesi amada ngati mwadutsa moto, ndipo munda umayamba kununkha. Ine ndinkafuna kupeza mitundu ya mbatatesi imene ingapirire chiwawu popanda kupopera mankhwala. Munda woyeserera ndinauika kwathu, pamalo a amayi. Chaka choyamba matalala anaphwanya zonse. Chaka chachiwiri chinali chomaliza cha kumunda, ndipo ndinkadziwa kuti chikalephereka, dotoramento yapita.

Ndinabzala motere: mtundu uliwonse pawiri, mizere ina yopopera, ina yosapopera. Yosapoperayo ndinaikhomera zikhomo zopaka utoto wofiira. Mbewu zitamera bwino anandiitana ku univesidade kuti ndikafotokoze pamene ntchito yafika. Ponyamuka ndinauza malume kuti, "Mizere ya zikhomo zofiira ija pasapezeke woikhudza."

"Chifukwa?" anafunsa malume.

"Ndi za siyensiya, malume."

Ndinangoyankha choncho n'kukwera chapa, minibasi ija. Mawu amenewo muwasunge, tiwapezanso kutsogolo.

Ndili kumzinda, mvumbi unagwa kuno ndipo chiwawu chinalowa. Mizere ya zikhomo zofiira inayamba kuda. Amayi anakalira kumvano kuti munda wa mwana wawo ukupsa iwo akuyang'ana. Lamulungu, mapemphero atatha, malume anaimirira n'kunena kuti, "Mwana wathu ali kutali ndipo mbatatesi zake zagona m'mbali mwa njira zili mabala okhaokha. Kodi ife tilambalala ngati wansembe uja?" Wina anawakumbutsa kuti mwanayo analetsa. Malume anati, "Analetsa matenda asanabwere. Akanakhala pano akanapopera yekha."

Lolemba linali dima. Mabomba opopera onse a m'mudzi anasonkhana, amayi a mvano ankatunga madzi, thobwa linafulidwa, nyimbo zinaimbidwa. Anayambira pa zikhomo zofiira, poti ndi pamene matenda anakula. Ndipo anabwerezanso, n'kubwerezanso, mankhwala ake osonkherana okha. Abale anga, sindinaonepo chikondi chogwira ntchito molimbika ngati chimenecho.

Nditabwerera, anandichingamira pamsewu akuimba. Ananditsogolera kumunda ngati mkwati. Nditafika ndinaona munda wonse uli biriwiri kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, osasiyanitsa mzere wopopera ndi wosapopera, mtundu wolimba ndi wofooka. Ndinagwada. Anthu anaganiza kuti ndikuthokoza Mulungu, nthungululu zinalira. Kenako ndinadzuka n'kuloza malume chala, munthu amene anandigulira kabudula wanga woyamba wa sukulu, pamaso pa amayi a mvano onse.

"Mbuli inu! Mwandipha!"

Nyimbo inaduka pakati. Malume anavula chipewa.

A Profesora, mayi amene ankayang'anira ntchito yanga ku univesidade, anayesa kundipemphera chaka china, koma sizinatheke. Anandiuza mwachifundo kuti, "Gervásio, mbatatesi zako zonse zachira, ndiye sitingadziwe kuti yolimba ndi iti." Bolsa inatha, dzina langa linachoka pa chitseko cha chipinda chimene ndinkagwirira ntchito.

Zotsatira ndizinena mwachangu, chifukwa phompho munthu sagweramo pang'onopang'ono. Kumudzi sindinafune kuona nkhope ya munthu. Ndinathawira ku Furancungo, ku Macanga, kumene mnzanga wa kusukulu, Zeferino, anali ndi baraka ya mowa pafupi ndi msika. M'mawa ndinkaphunzitsa ana a anthu masamu, masana ndinkamwa zimene ndapeza. Ndinayamba ndi mowa wa m'mabotolo ngati munthu wophunzira, ndinatsirizira kachasu wa m'chigubu ngati wina aliyense. Kompyuta yanga ndinaimwa. Nsapato za pa mwambo wa mesitirado ndinazimwa. Makolo a ana aja atamva fungo anasiya kuwatumiza. Amayi akaimba telefoni sindinkayankha, kenako telefoniyo ndinaimwanso. Ndikamva kwaya ikuimba ndinkasintha njira. Anzanga a pabaraka anandipatsa dzina loti a Dotolo Kwaze, kutanthauza dokotala amene anangotsala pang'ono, ndipo ndikaledzera ndinkawaphunzitsa za chiwawu m'Chipwitikizi iwo akuomba m'manja. Tsiku lina ndinadzuka m'ngalande kuseri kwa msika, dzuwa lili pamutu, mbuzi ikundinyambita khutu. Ngakhale mwana wolowerera uja anali ndi ntchito yodyetsa nkhumba. Ine ziweto ndi zimene zinkandisamalira.

Mvula inagwa n'kukata, inagwanso n'kukata.

Tsono apa ndiyende pang'onopang'ono. Linali tsiku la msika, masana. Ndinali pabenchi la pabaraka, mutu ukuwawa, ndikudikira wina wachifundo andigulire. Panaima mota, njinga yamoto yonyamula anthu. Amene anatsika kumbuyo kwake anali wofiira ndi fumbi kuyambira chipewa mpaka nsapato, ndipo m'khwapa anapanira tambala wamkulu womangidwa miyendo. Anali malume. Munthu amene moyo wake wonse sanapondepo pamalo ogulitsa mowa analowa, anapereka moni kwa aliyense mmodzimmodzi ngati ali pa msonkhano wa akulu a mpingo, n'kukhala pa kireti moyang'anana nane.

"Gervásio, wawonda."

"Mwatani, malume? Kumudzi kwagwa zovuta?"

"Kumudzi kuli bwino. Amako akupemphera mpaka mawondo achita zikang'a. Ine ndabwera kudzapepesa."

Inu mukudziwa mwambo wathu: wolakwa amapepesa ndi nkhuku. Koma ndani anaonapo malume akunyamulira nkhuku mwana wa mlongo wawo? Ndinatambasula manja kuti ndingolandira zithe, koma malume anam'bweza tambalayo m'khwapa.

"Dikira. Mlandu munthu amalipira ataumva. Ine ndaganiza nthawi yonseyi, ndapemphera, ndasala kudya, koma mpaka lero sindidziwa chimene ndinalakwa. Mbatatesi zinkafa, tinazipulumutsa. Amako sanakololepo zochuluka ngati chaka chimenecho. Undiuze mlandu wanga ndiumve, tambalayu ndi wako. Ndikapanda kuumva, ndibwerera naye."

Zeferino anafuula ali kuseri kwa tebulo, "A Dotolo Kwaze, fotokozani bwino! Tambalayu ndi wonona, musatiphonyetse!"

Ndinayamba kufotokoza ndi mawu a ku univesidade, theka Chichewa theka Chipwitikizi. Malume ankamvetsera mwaulemu, akusisita tambala. Nditamaliza anapukusa mutu.

"Apo wangobwereza siyensiya ija, koma motalikitsa."

Anthu anaseka. Ine ndinakwiya, ndinafuna kudzuka. Koma abale, Mzimu Woyera amadziwa kulowa ngakhale m'mutu wodzaza kachasu. Ndinakumbukira benchi la Sande sukulu, ndi malume omwewa ataima kutsogolo.

"Malume, mukukumbukira anyamata aja anatengedwa ukapolo ku Babulo, amene anakana chakudya cha mfumu?"

"Ukundifunsa ine? Anakuphunzitsa ndani?"

"Anapempha kapitawo wawo kuti awayese ndi zamasamba ndi madzi okha, kenako awayerekeze ndi anzawo odya za mfumu. Si choncho?"

"Ndi choncho. Ndipo anapezeka onenepa kuposa anzawo."

"Tsono tinene kuti kapitawoyo anali munthu wachifundo ngati inu. Waona anyamata akudya masamba okhaokha, mtima wamupweteka, wayamba kuwapatsa nyama ya mfumu. Tsiku loyerekeza lafika, anyamata ali onenepa. Mfumu ikanati chiyani?"

Dzanja la malume linaima pamsana pa tambala. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, milomo ikuyenda. Kenako ananena motsitsa, "Palibe akanadziwa ngati ndi Mulungu kapena nyama."

"Basi, malume."

"Ndiye zikhomo zofiira zija..."

"Anali anyamata a ku Babulo."

"Ndipo ife tinawadyetsa nyama."

"Mpingo wonse, malume. Ndi nyimbo."

Malume anayamba kuseka. Anaseka mpaka chipewa chinagwa, misozi ikulemba mizere m'fumbi la kumaso. Atapuma anandiika tambala pamiyendo n'kunena, "Mlandu ndaumva, landira. Koma mwana iwe, nanga bwanji sunanene choncho tsiku lija? Ndinakufunsa chifukwa. Ukanandiuza za Babulo, ndikanagona pamundapo ndi chibonga."

Mawu amenewo sanawanene mokalipa, koma anandilasa kuposa mpeni. Nthawi yonse ija ndinkadziona ngati munthu wophedwa ndi umbuli wa abale ake. Koma munthuyu anafunsa, ine ndinaona kuti sakuyenera yankho. Tambala anali pamiyendo panga, wofunda, mtima wake ukugunda, ndipo ndinadziwa kuti wakhala pamiyendo yolakwika. Ndinatsika pabenchi, ndinagwada m'fumbi losakanikirana ndi mowa wotayika, n'kumupereka ndi manja awiri.

"Malume, ndinakutchulani mbuli pamaso pa anthu. Pepani."

Anamulandira, n'kuika dzanja lina pamutu panga. Anapemphera pomwepo, mokweza, pabaraka ya Zeferino, ndipo zidakwa zinavula zipewa. Atati amen, Zeferino anadandaula, "Tambala mmodzi walipira milandu iwiri, koma ife mboni sitilawa ngakhale chipalapaso?" Malume anamuyankha kuti mboni zikadyere kumudzi, ndipo zibwere zosaledzera.

Tinakwera mota tonse, ine pakati, tambala kumbuyo ndi malume. Amayi atandiona sananene za munda kapena za telefoni. Ananditenthetsera madzi osamba, basi.

Musaganize kuti mowa unatha tsiku lomwelo. Thupi linkanjenjemera, ndipo kamodzi ndinagwanso, nditapita ndekha kumsika. Kuyambira pamenepo ndinavomera kuti sindiyenda ndekha. Kumsika ndinkapita ndi malume, kumapemphero a m'mawa ndi malume, ndipo ludzu lija likandigwira ndinkawauza poyera m'malo mobisa. Iwo ankangondipatsa khasu.

Chinthu chovuta kuposa kusiya mowa chinali kuimbira a Profesora. Ndinabwereka telefoni ya amayi, ndinawauza zonse, za ngalande ndi mbuzi zomwe. Atandimvetsera anati, "Mavaga amatuluka chaka ndi chaka, kuno ndi kunja komwe. Koma osankha amafuna munthu amene waonetsa kuti angayambe kafukufuku n'kumumaliza. Ndikutumizira mbewu pang'ono za mitundu ija. Yesanso ndi manja ako, uyeze bwino, ulembe. Ukachita zimenezo, ine ndidzakuchitira umboni."

Ulendo uno sindinayambire kumunda, ndinayambira kutchalitchi. Lamulungu ndinaima kutsogolo, ndinapepesa amayi a mvano, kenako ndinafotokoza za anyamata a ku Babulo, ndi za mwini munda uja amene analetsa antchito ake kuzula namsongole nthawi yokolola isanafike. Ndinawauza mosabisa kuti mizere ina idzafa, ndipo palibe amene adzawabwezere. Malume ndi amene anayamba kupereka gawo la munda wawo. Mabanja ena anatsatira, aliyense mizere ingapo. Kwa mlimi, kupereka mzere kuti ufe akuona si chinthu chaching'ono. Ndi chakudya cha ana chimenecho.

Chiwawu chinabwera monga mwa nthawi zonse. Mizere ya zikhomo zofiira inayamba kuda, ndipo malume anavutika kuposa mbatatesi zimene. Akamadutsa pamundapo ankatembenuza khosi. Ndinawafunsa kuti khosi latani, iwo anati, "Ndikafika apa ndimayang'ana ku Malawi, kuti dzanja lisathamangire bomba." Amayi ena anapezeka m'mawa wina atanyamula mankhwala m'chitenje, malume anawabweza ndi vesi. Ndipo pakati pa mizere yakufa, yonunkha, mitundu iwiri inaima yobiriwira, m'munda uno ndi m'munda uwo chimodzimodzi. Tsiku limene tinaziona, malume sanayang'ane ku Malawi.

Ndinalemba zimene tinapeza, a Profesora anandikonzera, ndipo ndinayamba kusaka. Tsiku la msika lililonse ndinkabwera kuno ku Tsangano kumene intaneti imagwira bwino, n'kumatsegula masamba a maunivesidade mmodzimmodzi. Ndinalimbikira Chingerezi, chifukwa mavaga ambiri amalembedwa m'chinenero chimenecho. Ambiri anandikana, ena sanayankhe n'komwe. Kenako univesidade ina ya kunja, yogwira ntchito limodzi ndi ya kwathu kuno, inandiitana kuti tikambirane pa vidiyo.

Funso limene ndinkaliopa linabwera. Mkulu wina wa imvi anati, "Tikuona kuti munayambapo dotoramento koma simunamalize. Chinachitika n'chiyani?" Mdyerekezi, woyesa uja, anandinong'oneza kuti ndinene kuti ndinadwala. Ndinapemphera mumtima, n'kunena zoona: za dima, za mabomba, za nthungululu, za mawu anga oipa, ndi zaka zimene ndinataya. Pa nkhani ya dima onse anaseka, mkulu uja mpaka anavula magalasi. Kenako anafunsa, "Nanga tikakupatsani minda ya alimi ambiri, mudzatani kuti zisachitikenso?"

Ndinati, "Ndidzayamba ndayankha munthu aliyense wofunsa chifukwa, m'mawu amene iye amapempherera."

Ananditenga. Zinali zaka zolimba, kuzizira kwa kumeneko kumaposa kwa Tsangano, koma ndinamaliza, ndipo m'kamwa mwanga simunalowenso dontho. Lero ndaima pano nditalandira ntchito ya posi-dotoramento, imene amapatsa munthu amene wamaliza dotoramento kuti apitirize kufufuza kwa zaka zingapo. Ntchito yake ndi yoyesa mitundu ija ndi alimi a kuno ndi a ku Macanga. Ku Furancungo ndikubwererako, koma ndi zikhomo. Woyamba kupereka mizere kumeneko ndi Zeferino. Baraka akadali nayo, tikumupempherera, koma tambala uja anadzadya nawo kumudzi ali wosaledzera.

Inu amene mukusaka, ndikuuzeni zimene ndinaphunzira ndi misozi. Mavaga alipo, koma sabwera kudzagogoda pakhomo, muziwasaka mosatopa ngati mayi uja wotaya ndalama yake m'nyumba. Aphunzitsi anu akale musawathawe chifukwa cha manyazi, ndi iwo amene adzakuchitireni umboni. Wina akakuuzani kuti mulipire kuti akupezereni vaga, ameneyo ndi mbala. Pamene mukudikira, chitani kanthu kakang'ono ndi manja anu kamene mungakaonetse. Pamene munagwa musapabise, osankha aja nawonso anagwapo. Ngati botolo layamba kale kukuitanani ndi dzina, uzani munthu lero, musanatuluke pakhomo ili. Ndipo mukapita kunyumba, mukawafotokozere amayi anu chimene mumaphunzira mpaka amve. Akapanda kumva, vuto si iwo.

Sabata yatha tinalandira mlaliki watsopano kumudzi, munthu wakhama, mlimi wabwino. Podutsa pamunda wa malume anaona mizere yakuda, anathamangira kunyumba kwake n'kubwera ndi bomba kumsana kuti athandize mkulu wa mpingo. Ine ndinali patali, ndinangomva mawu a malume akuchokera kumtunda, akuthamanga chipewa chili m'manja: "Abusa! Abusa, imani pomwepo! Amenewo ndi anyamata a ku Babulo, nyama sadya!"

Tiyeni tiweramitse mitu.

Mulungu wa mvula ndi nkhungu, Mwini munda, akudalitseni ndi kukusungani. Inu amene mukuona ngati mwabzalidwa pa mzere wa chikhomo chofiira, anzanu akubiriwira inu mukupsa, akutsimikizireni kuti sanakuiwaleni ndipo diso lake lili pa inu. Akutsegulireni makomo a maphunziro ndi a ntchito amene palibe munthu angawatseke. Akupatseni lilime lofatsa pamaso pa amene anakulerani. Ndipo ngati mwagwa kale, akutumizireni munthu wofiira ndi fumbi, wonyamula tambala m'khwapa, amene sadzachoka mpaka mutakwera naye kubwerera kwanu. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.